Tsiku Limene Ng'oma Idameza Ngoma

Dzina la fayilo, kunena mawu amene kompyuta imapezera chithunzi, nyimbo kapena kalata imene munthu adasunga, limaoneka ngati nkhani yopepuka kufikira tsiku limene wolankhula Chichewa afuna kulisintha polemba yekha lamulo m'malo molozera ndi kudina. Gwero la vutoli lili m'mbiri ya makinawo, pakuti ndondomeko ya zilembo yotchedwa ASCII, imene idakhazikitsidwa ku America mu 1963, idali ndi malo 128 okha, ndipo amene adayamba kulemba Unix ku Bell Labs mu 1969, pamodzi ndi amene adawatsatira, adatenga zina mwa zizindikirozo n'kuzipatsa udindo wolamula makina, osaganizako kuti kwinakwake kuli anthu amene sangathe kulemba ng'ombe, ng'ona kapena m'mudzi popanda nkhodolero. Choncho zimene akatswiri amazitcha zilembo zapadera, kwa Mchewa ndi ndiwo za masiku onse, ndipo iye amakumana ndi msampha umenewu pa mawu amene mwana wa Sitandade 1 amawadziwa kale.

Zokambirana zimene zalembedwa pano zikuonetsa mmene nkhaniyi imamvekera ikafika pakhonde, m'dera la Mfumu Yaikulu Chitukula kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, kumene ndege zokatera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimadutsa pamwamba pa zigafa za fodya. Okambiranawo ndi gogo wamkazi amene mudzi wonse umamutchula ndi mfunda wake kuti Anaphiri, ndi mdzukulu wake wamwamuna amene adaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo adabwera kumudzi ndi laputopu kudzalongosola zithunzi ndi nyimbo za banjalo zimene zidaunjikana pa memore khadi ya foni ya agogowo. Wowerenga asadabwe kumva nkhalambayo ikutchula mnyamatayo kuti amunanga, chifukwa pakati pa Achewa gogo ndi mdzukulu amasereulana ngati banja, ndipo nthabwala imeneyi imapatsa gogo ufulu wonena mawu amene mayi wobereka sanganene popanda kukwiyitsa mwana wake.

Mnyamatayo adali atakopera kale zonse kuchoka pakhadi kupita mu laputopu, ndipo adatsegula chimene amachitcha terminal, ndiko kuti windo lakuda lopanda zithunzi m'mene munthu amalemba lamulo pamzere umodzi, pulogalamu yotchedwa shell n'kuliwerenga ndi kulipereka kwa makina.

"Kodi amunanga, kanema wanuyu wapsa?" adafunsa Anaphiri uku akusenda mtedza m'lichero. "Dzulo munkaoneka anthu, lero muli mdima ngati m'nkhokwe."

"Sadapse, agogo. Anthu wamba ndiwo amadina tizithunzi, koma akatswiri timagwirira ntchito muno, timalankhula ndi makina mwachindunji."

"Kani akatswiri amagwira ntchito mumdima? Kwathu kuno ogwira ntchito mumdima tili nalo dzina lawo, koma poti ndinu amunanga sinditchula."

Pofuna kubweza ulemu wake, mdzukuluyo adafotokoza kuti laputopuyo imayendera Ubuntu, mtundu wina wa Linux imene Linus Torvalds adayamba ku Finland mu 1991, ndi kuti Ubuntu adatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, dzinalo likutanthauza chimene Achewa amati umunthu. Agogowo adangoyankha kuti umunthuwo auona m'ntchito zake, popeza m'mudzimo mudali kale a Chifundo amene sapatsa mnzawo ngakhale moto.

Fayilo yoyamba idali chithunzi cha pakhola chotchedwa ng'ombe za agogo.jpg, chimene mnyamatayo adafuna kuchipatsa dzina lalifupi. Lamulo lochitira zimenezi pa Unix ndi pa Linux ndi mv, chidule cha mawu achingerezi otanthauza kusamutsa, chifukwa kwa makinawa kusintha dzina la chinthu ndi kuchisamutsa ndi ntchito imodzi, ndipo cholakwa cha mnyamatayo chidali kumasulira mawuwo mokweza.

"Tsopano ndikusamutsa ng'ombe zanu, agogo."

Lichero lidaima. "Ng'ombe za yani?"

"Zanu zomwezi, zingosanduka ziweto basi."

"Zikusamukira kuti? Kalata ya alangizi a ziweto ili kuti? Anyakwawa akudziwa? Mboni yake ndani? Iwe mwana, siya phada uyo, thamangira kukhola ukawerenge, zikhale zinayi ndi thole. Ine ndimadabwa, munthu kubwera kuchokera ku Blantyre ndi shuga pakiti imodzi, kumwetulira kuli mbee, kani nkhani yake ndi imeneyi. Akuba akale ankabwera usiku ndi chingwe, alero akubwera masana ndi mdima wawo m'chikwama."

"Agogo, ndi chithunzi chabe. Komanso ngakhale chithunzicho sichisuntha ayi."

"Ndiye mukusamutsa chinthu chosasuntha. Nanga dzina lomwelo lakuti ziweto, ndani adakuuzani kuti ng'ombe zanga zingakhale dzina limodzi ndi abakha?"

Pamfundo yakuti chithunzicho sichisuntha mnyamatayo adanena zoona, ngakhale adazinena mosokoneza. Pa Linux zimene zili m'fayilo zimalozedwa ndi nambala yotchedwa inode, ndipo foda, imene anthu amaiganizira ngati thumba losungiramo mafayilo, kwenikweni ili ngati kaundula wa nyakwawa, m'mene dzina lililonse limalembedwa moyang'anizana ndi nambala yake, kotero kuti mv akamagwira ntchito pa disiki imodzimodziyo amangofufuta dzina lakale m'kaundulamo ndi kulemba latsopano, chithunzicho osachikhudza. Mdzukuluyo adayembekezera kuti mfundoyi iwavuta agogowo, koma adaimva iye asanamalize n'komwe.

"Zimenezo ndiye mudapitira ku Blantyre zaka zinayi? Ine ndidabadwa ndi dzina lina, nditalowa m'tsimba anamkungwi adandipatsa lina, kutchalitchi adawonjezera lina, nditabereka amayi anu ndidasanduka make uje, lero ndine Anaphiri, koma chipsera cha pamwendochi ndi chomwechija cha paubwana. Dziko lomweli lidali Nyasaland mpaka 1964, nyanja sidasunthe. Ku Mchinji tinkati ku Fort Manning, mapiri ake ndi omwewo. Chilankhulo tikulankhulachi adachilemba Chichewa mu 1968 pamene mabuku ankati Chinyanja, lilime langa silidamve kanthu. Sukulu yanu yomweyo mudalowa ili Polytechnic, mudatuluka ili ndi dzina lina loti munthu alume lilime."

"MUBAS, agogo. Adasintha mu 2021."

"Eya, imeneyo. Ndiye inu mudakaphunzira chinamwali cha mafayilo. Namkungwi wake ndinuyo?"

"Mukhoza kutero."

"Namkungwi wa ndevu zitatu. Vinani tione."

Mnyamatayo adalemba mv ng'ombe za agogo.jpg ziweto.jpg n'kudina batani la Enter, koma m'malo moti ntchito ichitike, pamzere wotsatira padangotuluka kachizindikiro kooneka ngati mlomo wa nkhuku, >, n'kukhala duu. Adadinanso Enter, kachizindikiro kena kofanana nako kadatuluka pansi pake, ndipo atadina kachitatu timilomo tidandandalika ngati anapiye odikira madeya.

"Namwali wakana kuvina," adatero Anaphiri. Mwana uja adali atabwerako kukhola ndi uthenga wakuti ng'ombe zonse zilipo, ndipo agogowo adaulandira mopanda chimwemwe chenicheni, ngati munthu amene walandidwa mlandu wokoma.

Chimene chidachitika n'chakuti kwa shell, kaya ndi ya Stephen Bourne ya mu 1979 kapena Bash imene Brian Fox adatulutsa mu 1989 ndipo ndiyo imapezeka pa Ubuntu, nkhodolero ndi chitseko chotsegulira mawu ogwidwa, ndipo shell ikaona nkhodolero imodzi imameza zonse zotsatira, kuphatikizapo Enter yemwe, podikira inzake yotsekera. Mdzukuluyo adaloza kachizindikiroko pasikirini, pakati pa g ndi o, nafotokoza kuti makinawo akufuna kachiwiri.

"Kanyanga ako?" adafunsa agogowo atasendera pafupi ndi kutsinzina diso limodzi. "Ndiye makinawa ali ndi nzeru kuposa mwini wake. Aona ng'ombe ya nyanga imodzi, akudikira inayo. Inu mudaionapo ng'ombe ya nyanga imodzi yosachita ngozi?"

"Koma mawu akuti ng'ombe amalembedwa ndi imodzi, agogo."

"Olakwitsa ndinu ophunzira. Ng'ombe ndidaweta ine, inu mudangoilemba."

Kuyambira pamenepo nkhodolero idatchedwa nyanga mpaka dzuwa kulowa, ndipo mnyamatayo, amene poyamba ankakonza agogo ake, adapezeka kuti nayenso akuti nyanga. Adatuluka mumsamphawo podina Ctrl ndi C pamodzi, kumene kuli kuuza shell kuti isiye zimene ikuchita, kenaka adaika kamzere kopendekera kumbuyo, \, patsogolo pa nyangayo, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza shell kuti chizindikiro chotsatiracho ichitenge ngati chilembo wamba. Nyanga idadutsa bwinobwino, koma makinawo adadandaula kuti ziweto.jpg si foda. Chifukwa chake chidali mipata ya pakati pa mawu, pakuti shell imadula lamulo paliponse pamene pali mpata, motero dzina limodzi lija idaliona ngati mafayilo atatu, ng'ombe, za, ndi agogo.jpg, ndipo mv akapatsidwa zinthu zambiri chotero amayembekezera kuti dzina lomaliza ndi foda yoti azithiremo.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuganiza kuti ng'ombe ndi chinthu china, agogo ndi chinthu china, ndipo ikufuna kudziwa koti ikuikeni."

"Indiike ine? Iuzeni kuti pano ndi pamudzi pa amayi anga, wosamuka ndi mkamwini. Komanso onani, yayamba kale kundilekanitsa ndi ng'ombe zanga. Ndidanena ine. Iwe mwana, bwerera kukhola."

Mankhwala a zonsezi, amene mnyamatayo akadayambira akadapanda kufuna kudzionetsa, ndi kutsekera dzina lonse m'mitengero, zizindikiro ziwiriziwiri zija zimene m'mabuku zimazinga mawu a wolankhula, motere: mv "ng'ombe za agogo.jpg" ziweto.jpg. M'kati mwa mitengero yotereyi nkhodolero ndi mipata zimataya mphamvu yolamula, ngakhale kuti chizindikiro cha dola, $, chimakhalabe ndi mphamvu yake ndipo chimafunika kamzere kopendekera kaja. Anaphiri adaimva njirayi mosavuta, nanena kuti limeneli ndi khola, mpanda uku mpanda uko, ndipo kamzere kopendekera ndi ndodo ya mbusa, yothandiza pa ng'ombe imodzi koma yotopetsa pa gulu, ndipo adadabwa kuti munthu angafunike satifiketi kuti adziwe kuti chiweto chimatsekeredwa chisanathawe. Komabe adakana dzina lakuti ziweto mpaka mnyamatayo adalibweza.

Za dzina la fayilo loyambira ndi kamzere kogona, limene mv amaliyesa lamulo lowonjezera ngati munthu sadalembe timizere tiwiri, --, patsogolo pake, agogowo sadazisamale, ndipo sadasamalenso kumva kuti Linux imalola chizindikiro chilichonse m'dzina kupatula / ndi chizindikiro chosaoneka chimene nambala yake ndi ziro, pamene Windows imakana zingapo monga ?, * ndi :. Chimene chidawautsa ndi batani la Tab, limene munthu akalidina atalemba zilembo zoyamba, shell imamalizitsa yokha dzina lonse ndi kuika yokha timizere topendekera pamene tikufunika.

"Imamalizitsa mawu a munthu asanathe kulankhula? Mwana wotero kwathu kuno timamutuma kukatunga madzi kudambo lakutali."

"Imathandiza, agogo, munthu salakwitsa."

"Nanga bwanji simudaifunse poyamba paja, m'malo motisungira anapiye pakhonde?"

Funsoli lidalibe yankho, ndipo mnyamatayo adathawira ku mafayilo ena, amene adali ndi matenda a mtundu wina. Ena mwa iwo adadutsa m'makompyuta a anyamata oika nyimbo m'makhadi pamsika, ndipo maina awo adabwerako atalumala, kotero kuti pamene padayenera kulembedwa Malaŵi padali MalaÅµi, ndipo nthano ina ya ng'ona idasanduka ya ngâ€™ona. Kulumala kotereku kuli ndi chifukwa chomveka. Ndondomeko ya Unicode, imene idayamba kusindikizidwa mu 1991 kuti chilembo chilichonse cha padziko chikhale ndi nambala yake, idapatsa ŵ nambala U+0175, ndipo njira yosungira manambalawo yotchedwa UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike adakonza mu 1992, imalemba chilembo chimenechi ndi mabayiti awiri, bayiti kukhala kamuyeso kosungira nambala imodzi kuyambira 0 mpaka 255. Pulogalamu yakale yozolowera kuti bayiti iliyonse ndi chilembo chakechake ikawerenga mabayiti awiriwo imaonetsa zilembo ziwiri zachilendo, Å ndi µ. Nkhodolero nayo ili mitundu iwiri, yowongoka ya pakiyibodi, imene ili m'gulu la ASCII, ndi yokhota imene mapulogalamu olembera makalata ndi mafoni ena amaika okha, imene imatenga mabayiti atatu, ndipo iwiriyi pamaso imafanana koma kwa makina ndi anthu osadziwana.

"Nyanga yowongoka ndi nyanga yokhota," adatero Anaphiri akugwedeza mutu. "Zimenezo ngakhale mbusa wa zaka zisanu ndi ziwiri amasiyanitsa. Koma uyu wa kadenga pamutu ndikumudziwa. Ifetu tidaphunzira naye. Nthawi ya Kamuzu ukalemba aŵiri wopanda kadenga, aphunzitsi ankakufunsa ngati kwanu mumagona pabwalo."

Kukumbukira kwa agogowo kukugwirizana ndi mbiri, pakuti bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo ŵ ankaimira liwu limene linkamveka m'kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati, losiyana pang'ono ndi w wamba. Bungwelo lidalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996, ndipo masiku ano nyuzipepala zambiri sizilemba kadengako. Mdzukuluyo adawonjezera, monyadira kuti wapeza chimene agogowo sadziwa, kuti chilembochi chimapezekanso m'chilankhulo cha anthu a ku Wales, ku Britain.

"Alinso ndi kadenga? Mfunda wawo ndani?"

"Alibe mifunda ngati yathu, agogo."

"Ndiye adabwereka. Muwalembere kalata kuti akamaliza abweze, chifukwa kuno kamvulumvulu wa ana asukulu adasasula madenga onse, tatsala ndi ma w ogona pamphepo."

Dzuwa lidali litapendeka, batire la laputopu limene lidatchajidwa pa sola lidayamba kutsika, ndipo mafayilo olumala adali akadali ambiri. Pamenepa m'pamene mnyamatayo adaganiza zimene amaganiza anthu ambiri a ntchito yake akatopa, zakuti njira yachidule ndi kuchotseratu nyanga zonse, madenga onse ndi mipata yonse, kuti maina akhale m'zilembo za ASCII zokhazokha zimene makina alionse amazilandira mosadandaula. Kunena chilungamo, maganizowa si opusa, ndipo m'maofesi ambiri amapulumutsa nthawi, koma amaiwala kuti m'Chichewa nkhodolero ya mu ng' si chokongoletsera, popeza imasiyanitsa liwu lotulukira m'mphuno lokha ndi liwu la ng limene g wake amamveka, ndipo mawu awiri osiyana akhoza kusanduka amodzi ikachotsedwa.

"Mukufuna kuzidula nyanga zonse kuti zikwane m'khola la eni ake," adatero agogowo. "Bwanji osakulitsa khomo?"

"Munthu amamvabe, agogo. Ngombe, ng'ombe, n'chimodzimodzi."

"Tanenani ng'oma."

"Ng'oma."

"Tsopano nenani ngoma."

"Ngoma."

"Yoyambayo timaimba ndi manja, ili ndi chikopa. Yachiwiriyo amavina Angoni ndi zishango, agogo anu aamuna ankaponda pansi mpaka fumbi kufika m'maso mwa apongozi awo. Inu mukuti n'chimodzimodzi."

"Zimenezo n'zakale, agogo, tsobola wakale sawawa. Makina safuna zambirimbiri."

"Adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sadati kalumoko azimetera nyanga za eni mudzi. Pitirizani, amunanga. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika."

M'fodamo mudalidi fayilo yotchedwa ng'oma.mp3, m'mene mudajambulidwa ng'oma za chimtali cha amayi a m'mudzimo, ndipo mnyamatayo, amene tsopano adali atadziwa kumanga khola, adalemba mwaukatswiri mv "ng'oma.mp3" ngoma.mp3 n'kudina Enter. Makinawo sadanene kanthu. Iye adatambasula manja nafotokoza kuti mwambo wa Unix ndi wakuti lamulo likayenda bwino silinena chilichonse, limangolankhula pakakhala cholakwika.

"Kwathu kuno mwana akakhala chete kuseri kwa nyumba, timadziwa kuti mphika wasweka," adatero Anaphiri, ndipo adapitiriza kusenda mtedza kwa kanthawi asanapemphe, ndi mawu ofatsa kwambiri moti munthu wowadziwa akadachenjera, kuti awaikire ngoma ija ya malemu amuna awo.

Malemuwo adali Mngoni wa ku Ntcheu amene adabwera kwa Chitukula kudzakhala chikamwini, ndipo zaka zingapo asanamwalire mdzukulu wina adawajambula mawu pafoni akutsogolera nyimbo ya ngoma paukwati wa kwawo, fayiloyo n'kuitcha ngoma.mp3. Mnyamatayo adaitsegula, ndipo m'malo mwa mawu a nkhalamba ndi mgugu wa mapazi, pakhondepo padamveka ng'oma za chimtali ndi nthungululu za amayi. Adaitseka, adaitsegulanso, chimtali chomwecho. Adalemba ls, lamulo loonetsa maina onse a m'foda, ndipo ngoma.mp3 idalipo imodzi yokha, ng'oma.mp3 kulibe.

"Agogo anu aamuna ayamba liti kuvina chimtali? Moyo wawo wonse ankati ndi gule wa akazi."

Mnyamatayo sadayankhe, pakuti adali atazindikira chimene chidachitika. Foda imodzi singasunge maina awiri ofanana ndendende, ndipo mv akapeza kuti dzina latsopanolo lili kale ndi mwini wake, amachotsa mwiniyo m'kaundula ndi kuikapo mlendo popanda kufunsa, ndiponso chochotsedwa mwa njira imeneyi sichipita ku bini kumene munthu angakachitole monga zimakhalira akafufuta podina. Chitetezo chilipo ndipo n'chachifupi, pakuti mv -i amayamba wafunsa asanalembe pamwamba pa fayilo ina, ndipo mv -n amakaniratu kutero, koma zonsezi amaziika ndi munthu amene akuvomereza kuti akhoza kulakwitsa. Iye adazifotokoza zimenezi ndi mawu otsika, maso ali pakiyibodi, nayamba kutchula mapulogalamu ena amene mwina akhoza kufukula zotayika ngati malo ake pa disiki sadalembedwepo kale zina.

"Imani kaye. Mwati makinawa dzina lawo ndani?"

"Ubuntu, agogo."

"Umunthu. Kulowa m'nyumba ya mwini wake osaodira, kumutulutsa, kukhala pampando wake, kutenga ndi dzina lake lomwe, kenaka kukhala chete. A Chifundo aja ndawapezera mbale wawo. Ndiye amuna anga enieni mwawakwirira kachiwiri, inu amunanga ogwirizira, popanda ngakhale adzukulu okumba manda."

"Pepani, agogo. Ndiyesetsa, mwina ku Lilongwe kuli amene angathe..."

"Ku Lilongwe. Maliro a kwa Chitukula akalirire ku Area 25."

Anaphiri adamusiya mnyamatayo m'menemo kwa nthawi yokwanira kusenda mtedza wodzaza manja awiri, nthawi imene ndege ina idadutsa ndipo palibe adaiyang'ana. Kenaka adaika lichero pansi, adakoka nsonga ya chitenje chawo, nayamba kumasula mfundo ndi mano, ndipo m'mfundomo mudatuluka kabotolo ka fodya wofwenkha, K200 ya nkhope ya Rose Chibambo yopindidwa kanayi, ndi kapepala ka siliva ka m'paketi ya ndudu, m'mene mudakulungidwa memore khadi ija. M'mawa wa tsiku lomwelo mdzukuluyo adali atapempha kuti aipukute khadiyo, popeza zonse zidali zitalowa mu laputopu, kuti awaikiremo nyimbo zatsopano za kwaya, ndipo agogowo adaitenga mwakachetechete iye akusamba.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo," adatero akufwenkha pang'ono, khadiyo ili m'dzanja lina kutali ndi mnyamatayo. "Musanaigwire, timvane. Ng'oma ibwezeredwe nyanga yake. Malaŵi afoleredwe denga. Ndipo makina anuwo aziodira."

Mnyamatayo adachita zonsezo mwa dongosolo lomwelo. Adabweza dzina la chimtali polemba mv -i ngoma.mp3 "ng'oma.mp3", adakopera ngoma ya malemuwo kuchoka pakhadi, ndipo pofuna kuwaonetsa agogowo kuti makina aphunzira mwambo, adayesa dala kubwereza cholakwa chija ali ndi -i, makinawo n'kuima ndi kufunsa ngati akufunadi kulemba pamwamba pa ngoma.mp3. Iye adayankha ndi chilembo n, kutanthauza kukana.

"Ati chiyani?"

"Akuti odi, agogo."

"Mwawayankha kuti chiyani?"

"Kuti eni ake alimo."

"Eya. Tsopano aikeni amuna anga aimbe."

Mawu a nkhalamba ya ku Ntcheu adamveka pakhondepo, osasa pang'ono, ndi phokoso la mphepo imene idawomba pa foni tsiku la ukwatilo, ndipo Anaphiri adamvetsera mpaka kumapeto osasenda mtedza ngakhale umodzi. Itatha nyimboyo adamanganso khadi ija m'chitenje, mfundo ziwiri, naitana ana onse amene ankasewera pabwalo kuti asendere pafupi.

"Mwamuona uyu? Dzina lija adabwera nalo kuchokera ku Blantyre latha lero. Kuyambira tsopano ndi a Safunsa, aja adadya phula."

"Agogo, dzina la munthu simungangolisintha osamufunsa mwini wake."

"Ine ndine wa mtundu wakale uja, amunanga, wopanda kachilembo kofunsira. Ndadina kale."

Mnyamatayo adatsegula pakamwa kuti atsutse, koma kamtsikana kena kadali katafika kale pa mpanda wa nyumba yoyandikana nayo, kakufuula kuti a Safunsa akuti aliyense wofuna kutchajitsa foni abwere nayo dzuwa lisanalowe.